Purosesa Imene Mwana Wanga Anasankha

1

Anthu a m'dera lathu amanditchula kuti Dokotala, chifukwa kompyuta ikadwala amathamangira nayo kwa ine. Shopu yanga ndi chipinda cha kutsogolo kwa nyumba yomwe timakhala. Muli tebulo lalitali, nyale yopindika khosi, ndi makatoni a zingwe omwe mkazi wanga wakhala akuopseza kuti tsiku lina adzawaotcha.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa ku koleji. Timamutchula Injiniya kuyambira tsiku limene anamasula wailesi ya m'nyumba ali wamng'ono, n'kuibwezeretsa ikulira bwinobwino koma masikuluwu ena atatsala m'manja. Anakulira pansi pa tebulo langa. Anzake akusewera ndi zidole, iye ankasewera ndi makiyibodi akufa. Amene anamuphunzitsa kugwira sikuludiraiva ndine, ndipo amene anamuswa mtima ndinenso.

Chaka chathachi maso anga anayamba kuchita chifunga. Zinthu zikuluzikulu ndinkaziona, koma timapini, tizilembo ndi timabowo ta m'kati mwa kompyuta tinasanduka utsi. Sindinauze munthu. Ndani angasiyire makina ake munthu wongopapasa? Kuchipatala ndinkaopako, kuti mwina akandiuza kuti basi zatha.

Injiniya anazindikira yekha. Tsiku lina anandipeza ndikukakamiza memore, kachipangizo kokumbukira ka kompyuta, kulowa m'malo mwake, thukuta lili kamukamu.

"Adadi, mwaizondotsa," anatero motsitsa mawu.

Anandilanda, n'kuitembenuza, n'kuilowetsa. Ndinamugwira dzanja.

"Amayi ako asamve."

"Koma Adadi..."

"Ndakupempha."

Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito. Ine ndinkalandira makasitomala, kugwedeza mutu ngati munthu wodziwa zonse, ndi kulandira matamando. Iye ankakonza zonse zofuna maso akaweruka ku koleji. Dzina la Dokotala linali langa, koma manja ake ndi amene ankalidyetsa.

2

Mwana wangayu amasewera magemu a pa intaneti, aja owomberana m'magulu. Ine ndinkangoti ndi zachibwana mpaka tsiku limene analowa m'shopu akudumphadumpha ngati waponda moto.

"Adadi! Kochi wa timu ina yaikulu wandiona ndikusewera. Akuti ndiyesedwe. Magemu atatu otsatizana, pa intaneti, ndili konkuno. Ndikachita bwino anditenga, ndizikakhala komweko ndi timu, ndipo sukulu ndikapitiriza kumeneko."

"Kumeneko kuti?"

Anatchula mzinda wakutali, woyenda tsiku lonse pa basi. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti zikomo Mulungu. Ndinayang'ana tebulo langa, makompyuta a eni ake ali ndandanda kudikira maso omwe ine ndinalibe.

"Vuto ndi kompyuta yanga," anapitiriza. "Yakalamba. Anthu akachuluka pa sikirini imachita chibwibwi."

"Onjezera memore basi. Ndili nayo m'kabatimo."

"Memore si vuto. Taonani apa." Analoza manambala pa sikirini, ine n'kugwedeza mutu ngati ndawaona. "Purosesa, ubongo wa makinawa, ikumafika pakhosi, pomwe khadi ya zithunzi yangokhala kudikira ntchito."

"Ndiye sintha purosesa yokhayo."

Anaseka. "Mukundiyesa eti? Purosesa yatsopano singalowe mu soketi ya madabodi yakaleyi, bolodi lonyamula zonseli. Ndikasintha madabodi, memore yakale silowanso, kampata kake kali pena. Munandiphunzitsa nokha kuti zitatuzi zimasamukira limodzi."

Anali atasunga kangachepe pokonza mafoni a anzake a ku koleji, choncho ndinalibe pobisala. Loweruka tinapita ku sitolo ya mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, yemwe amagulitsa zipangizo za makompyuta. Ndi munthu wamimba, waphokoso, wokonda mwana wa mlongo wakeyu kuposa ana ake omwe.

"Injiniya wafika! Bisani katundu wabodza yense!" anakuwa atationa.

Anayala mabuku a zithunzi pa kauntala. Poyamba anamuonetsa madabodi yodzaza ndi nyale zothwanima.

"Amalume, nyalezo ziwombera mdani?" anafunsa Injiniya. "Madabodi siithamangitsa gemu. Ingokhala yotha kudyetsa purosesa magetsi mosatopa, basi. Ndipatseni iyi yosaoneka bwinoyi."

Pa memore, mlamu anati atenge imodzi yaikulu. Iye anakana.

"Ziwiri zofanana. Purosesa izidya ndi manja awiri."

"Alamu, mwana uyu munamudyetsa chiyani?" anaseka mlamu, akumenya kauntala.

Pa purosesa ndi pamene tinasiyana. Panali ziwiri. Ina yofatsa, yosadya magetsi ambiri. Ina yamphamvu, yaukali, yofuna choziziritsira chachikulu. Injiniya anaika chala pa yaukaliyo osaphethira n'komwe.

"Imeneyo imatentha," ndinatero.

"Ndigula choziziritsira chabwino, Adadi. Ndawerenga, ndafunsa, ndayerekeza. Ndi imeneyi."

"Chabwino. Koma ndanena, imatentha."

Ndinanena mokweza, kuti mlamu ndi anyamata a m'sitolomo amve. Tsiku limenelo ndinalibe maganizo ena alionse, ndikulumbira. Komabe mawu amenewo ndinawasunga bwino, ndipo anadzandigwirira ntchito yonyansa.

3

Katundu anachedwa panjira. Anafika madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti Injiniya ayesedwe, ndipo m'mawa mwake iye anali ndi mayeso ku koleji.

Anadzuka molawirira, n'kuyala zonse pa tebulo langa. Anatsegula soketi, n'kukhazika purosesa mwaulemu ngati akugoneka khanda. Analowetsa memore zonse ziwiri, iliyonse n'kulira kuti ke. Anamanga madabodi m'bokosi lake. Kenako anayang'ana wotchi.

"Ndachedwa. Chatsala ndi choziziritsira ndi zingwe. Zimenezi n'zikuluzikulu, Adadi, mukwanitsa ndi manja okha."

Kwa amene simudziwa, choziziritsira ndi chitsulo chokhala ndi fani chimene chimakhala pamwamba pa purosesa n'kumayamwa kutentha kwake. Pakati pa ziwirizi timapakapo kamankhwala kotuwa kotchedwa pesiti, kuti zitsulozo zigwirane bwino. Ndi ntchito imene ndaigwira moyo wanga wonse. Ndikhoza kuichita nditatsinzina.

"Pita, usadandaule," ndinatero.

Atachoka, mkazi wanga anabwera ndi tiyi. Anaima pakhomo kuyang'ana makatoni atsopanowo.

"Mwanayu akapita, nyumba ino izizira," anatero. "Komabe apite. Inu muzigwira nokha ngati kale. Si ndinu Dokotala?"

Anaseka n'kutuluka. Ine ndinakhala pampando, choziziritsira chili m'manja, tiyi n'kuzizira osamukhudza. Zimene zinachitika m'chipindamo ndisanatseke bokosi lija ndikuuzani, koma mundipirire kaye. Ngakhale pano dzanja langa likukana kuzilemba.

Injiniya atabwerako anapeza zonse zitamangidwa, zingwe zitakonzedwa mwaudongo. Masana onse anathera kulowetsa mapulogalamu. Nthawi yoyesa inatsala yochepa. Anasewera pang'ono chabe, kenako anavula mahedifoni.

"Fani ikulira bwanji chonchi?"

"Yatsopano. Pesiti isanakhazikike imatero."

Akanakhala kuti wamanga ndi munthu wina, akanatsegula pomwepo. Koma anamanga ndi adadi ake. Anandikumbatira kumbuyo, chibwano chake paphewa panga.

"Zikomo, Dokotala wanga."

4

Tsiku loyesedwa tinatseka shopu masana. Mkazi wanga ndi mlamu anakhala pa benchi la makasitomala ngati ali ku bwalo la mpira. Ine ndinaima pakhomo.

Gemu yoyamba Injiniya anawamwetsa madzi adani ake. Zala zake zinkangovina. Mlamu ankakuwa ngakhale sankadziwa kuti mdani ndi uti.

"Apatse moto, mwana wa mlongo wanga!"

"Achimwene, chete, mukumusokoneza," mkazi wanga anamukoka malaya, naye akumwetulira mpaka m'makutu.

Mu gemu yachiwiri fani inayamba kubangula. Ndinaona mapewa a mwana wanga akuuma.

"Ayi, ayi, ayi," anang'ung'udza. "Ikuchitanso chibwibwi. Bwanji?"

Analimbana nazo, koma zithunzi zinkaduka pa nthawi imene ankafunika kuwombera. Anzake a m'timu anayamba kumukalipira m'mahedifoni. Anagonja.

Gemu yachitatu sinafike pakati. Sikirini inangoti thi. Fani inasiya. M'chipindamo munati zii.

Anayatsanso. Inayaka, analowanso, inazimanso. Pofika pamene ankaganiza zobwereka kompyuta ya kasitomala, uthenga wa kochi unali utafika pa foni. Anathokoza mwaulemu, n'kunena kuti malowo apereka kwa wina.

Injiniya sanalire pamaso pathu. Anazula zingwe, ananyamula bokosi lotenthalo, n'kukalowa nalo kuchipinda kwake. Tinangomva kiyi akutembenuka.

5

M'mawa mwake anatuluka maso atatupa. Anandipeza m'shopu.

"Munandiuza, Adadi," anatero. "Munati imatentha. Ine n'kumadziona wanzeru."

Apa m'pamene bambo weniweni akanatsegula pakamwa. Ine ndinamusisita pamsana.

"Zimachitika, mwana wanga. Umaphunzirapo."

Mkazi wanga sanavomereze zimenezo. Mtima wake unafuna munthu woti umulume, ndipo unapeza mchimwene wake. Anamuimbira foni ine ndili pomwepo.

"Mwamugulitsa katundu wogwirapo kale ntchito, mwana wa mlongo wanu! Mulibe manyazi? Bambo ake ndi katswiri, amanga bwinobwino. Ndiye vuto lichokera kuti?"

Mlamu analumbira, anakuwa, pomaliza anadula foni. Munthu amene ankabwera kwathu Lamlungu lililonse kudzadya ndi kudzatisokosa anasiya kuponda pakhomo pathu. Nkhani inafika kwa abale ena, ndipo ena anayamba kukagula kwina. Ine ndinkamva zonsezi n'kumangoti, "Zisiyeni, mayi, zinapita."

Injiniya anabwerera pa tebulo langa. Ntchito ankagwira bwino kuposa kale, koma anasiya kuimba, anasiya kundiseka. Kasitomala akafunsa kuti agule purosesa iti, ankaloza ine.

"Funsani adadi. Ine sindidziwa kusankha."

Mawu amenewo ankandilasa kuposa chipongwe chilichonse. Ndinapeza chimene ndinkafuna, mwana ali pambali panga, makasitomala akutamanda Dokotala, koma mtendere ndinalibe. Kangapo konse, iye ali ku koleji, ndinakayesa chitseko cha chipinda chake. Chinali chokiya. Kompyuta ija inali m'katimo, atavundikira ndi nsalu, ndipo sankafuna ngakhale kuiyang'ana.

6

Loweruka lina mlamu anatulukira osagogoda. Anali ataonda nkhope.

"Ndatopa kutchedwa wakuba," anatero. "Bweretsani makinawo. Titsegule pano, tonse tikuona. Ikapezeka yakale, nditseka sitolo yanga lero lomwe."

"Alamu, n'zosafunika zimenezi," ndinayankha. "Ndiona ndekha mawa."

"Ayi. Atsegule Injiniya."

Mkazi wanga anapinda manja pachifuwa. "Katenge, mwana wanga. Tione manyazi a amalume ako."

Anabwera nayo. Anaiika pansi pa nyale yopindika khosi ija, n'kuyamba kumasula. Ndinamva sikuluwu iliyonse ikugwera m'kambale.

Anakweza choziziritsira, n'kuchitembenuza. Kenako ndi chikhadabo anatokosa pakona, n'kusenda kapulasitiki koonekera, kopakika pesiti, kofota ndi kutentha.

Choziziritsira chatsopano chilichonse chimabwera ndi kapulasitiki kotere kunsi kwake, koteteza chitsulo panjira. Uyenera kukachotsa usanamange. Ukakasiya, kutentha sikudutsa, ndipo purosesa imadzizimitsa yokha kuti isapse. Limeneli ndi phunziro loyamba limene ndinamupatsa mwana wanga ali wamng'ono.

"Pulasitiki!" mlamu anakuwa. "Alamu! Dokotala wathunthu! Ine ndatukwanidwa mwezi wonse chifukwa cha pulasitiki?"

Mkazi wanga anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Bambo, inuyo? Zatheka bwanji?"

Injiniya anali akuyang'anabe kapulasitiki kaja, akukatembenuza pansi pa nyale. Anatenga nthawi. Kenako anakapinda n'kukaika m'thumba.

"Ndi maso awo," anatero modekha. "Amayi, adadi saona bwino. Papita chaka. Ntchito zing'onozing'ono zonse ndimagwira ndine. Kapulasitiki aka n'koonekera, sakanakaona. Eti Adadi? Simunakaone?"

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Mkazi wanga analira, akundimenya paphewa kuti ndinamubisiranji. Anagwada kupepesa mchimwene wake. Mlamu, mtima wake wabwino uja, anandikumbatira.

"Pepani alamu, sindimadziwa. Matenda saseketsa."

Munthu amene ndinamuipitsira dzina ankandipepesa ine.

7

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinazengereza.

Kapulasitiki kaja ndinakaona. Kanali ndi kakhutu kofiira, kakakulu, kotulukira pambali kuti ngakhale munthu wamaso ofooka akagwire. Ndinakagwira. Ndinayamba kusenda. Kenako mawu a mkazi wanga anandibwerera, akuti muzigwira nokha ngati kale, ndipo ndinakabwezeretsa. Ndinatenga sizasi n'kudula kakhutu kofiirako kuti kasaonekere pambali. Ndinapaka pesiti pamwamba pa pulasitiki, ndinamanga, ndinakonza zingwe mwaudongo. Sindinaiwale kanthu. Ndinadziwa kuti ikayamba idzayenda bwino, ikalemedwa idzagwa. Ndinadziuza kuti magemu si tsogolo, kuti ndikumuteteza. Linali bodza. Ndinkateteza dzina langa.

Masiku otsatira kupezeka kwa kapulasitiki kaja anali owawa kuposa oyamba aja, chifukwa aliyense ankandichitira chifundo. Injiniya ananditengera kuchipatala cha maso, atandigwira mkono pokwera masitepe. Adokotala enieni anandiunika n'kuseka pang'ono.

"Bambo, ndi ng'ala chabe iyi. Opaleshoni yaing'ono. Munachedweranji?"

Ng'ala chabe. Chinthu chimene ndinawonongera mwayi wa mwana wanga chinali chochotseka m'mawa umodzi.

Pobwerera tinakhala pa benchi kudikira basi. Foni yake inalira, anaiyang'ana n'kuibweza m'thumba.

"Ndani?"

"Mnzanga. Akuti timu ina ikuyesa anthu mwezi wamawa. Ndamuuza kuti sindingathe, adadi akudwala."

Sindinathenso kupirira.

"Injiniya, kapulasitiki kaja ndinakaona. Ndinakasiya dala."

Sanadzidzimuke. Anapisa m'chikwama, n'kutulutsa kapulasitiki kaja, n'kukaika m'dzanja langa. Anatenga chala changa n'kuchiyendetsa m'mphepete mwake.

"Mukumva? Apa panali kakhutu. Padulidwa ndi sizasi, mowongoka bwino. Ndinaona tsiku lomwe lija."

"Ndiye bwanji unanena kuti ndi maso?"

"Amayi ndi amalume anali pomwepo. Ndinakupatsani khomo kuti ndione ngati mutulukirepo." Anasiya chala changa. "Ndinkapemphera kuti mukane, Adadi. Munagwedeza mutu kuvomera."

Basi inabwera, inapita, ife tili pomwepo.

"Timu ija sikundiwawa kwambiri," anatero. "Chikundiwawa n'choti ndinabwera kwa inu ndikulira kuti sindidziwa kusankha, inu n'kundisisita pamsana."

8

Madzulo omwewo ndinauza mkazi wanga, ndipo m'mawa ndinapita kwa mlamu. Mkazi wanga mpaka lero amandiikira chakudya patebulo osandiyang'ana. Mlamu anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungonena kuti, "Tulukani m'sitolo mwanga." Onse awiri sindiwadandaula.

Injiniya sanachoke nthawi yomweyo. Anandiperekeza ku opaleshoni. Anandithira mankhwala m'maso pa nthawi yake, osaphonya, osalankhula zambiri. Tsiku lochotsa bandeji la diso lachiwiri anabwerera nane kunyumba, n'kundikhazika pa tebulo langa. Anandipatsa madabodi ya kasitomala.

"Werengani tizilembo ta pakonapo."

Ndinawerenga tonse, osaphonya.

"Mukuona tsopano?"

"Ndikuona, mwana wanga."

"Ndiye ndikhoza kupita."

Chikwama chinali kale pakhomo. M'menemo, zitakulungidwa m'majuzi ake, munali purosesa, madabodi ndi memore ziwiri zija. Anali ataziyesa ndi choziziritsira china, ndipo zinayenda tsiku lonse osatentha.

"Izi ndinasankha ndekha, ndipo sindinalakwitse," anatero. "Icho n'chanu."

Analoza choziziritsira chija, chili pakona pa tebulo. Maso anga atsopanowo, chinthu choyamba chimene anachiona bwinobwino patali chinali msana wa mwana wanga akukhota pa msewu, osacheuka.

Pano ali kumzinda kuja. Akugwira ntchito pa shopu ya munthu wina, ndipo amayi ake akuti akukonzekera kuyesedwanso. Amaimbira amayi ake. Ine ndikaimba, foni imalira mpaka kusiya.

Inu amene mukuwerenga, makamaka makolo anzanga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndikungoti mudzifunse, pamene mukuuza mwana kuti njira yake ndi yoopsa, kuti mantha amene mukumvawo ndi a iye kapena ndi anu. Anga anali anga, ndipo ndinawaveka malaya a chikondi. Ndikanangoti, "Mwana wanga, ndikuopa kutsala ndekha," bwenzi atanditengera kuchipatala kalekale, n'kupita ndi madalitso anga, n'kumaimba foni.

Shopu ikuyenda. Timapini ndikutiona tonse, ndipo anthu akunditchulabe Dokotala. Dzulo kunabwera mtsikana ndi bambo ake kudzafunsa purosesa yoti agule. Mtsikanayo analoza yamphamvu, bamboyo n'kuyang'ana ine kuti ndimuthandize kukana.

"Wasankha bwino," ndinatero. "Mumvereni."

Atatuluka ndinajambula mawu omwewo pa foni, n'kutumiza kwa Injiniya. Foni ikusonyeza kuti anamvetsera. Sanayankhe, ndipo choziziritsira chija chikadali pakona pa tebulo pomwe anachisiya.